Dotolo Akanena Kuti Iai

Mwa mau onse amene munthu amamva m'maofesi ndi m'zipatala za dziko lathu lino la Zambia, palibe ena olemera koposa aja akuti "iai." Ine ndine kalaliki wa Boma mu mzinda wa Kitwe, ndipo pa zaka khumi zimene ndakhala pa tebulo la ofesi ndanena mauwa kwa anthu ambirimbiri. Nchito imeneyi yandiphunzitsa kuti "iai" sakhala wa mtundu umodzi. Nthawi zina atanthauza kuti pepala lina likusowa. Nthawi zina kuti munthuyo wagogoda pa khomo losayenera. Nthawi zina kuti wafulumira, tsiku lace lisanakwane. Ndipo mwa kamodzikamodzi atanthauza kuti cinthuco sicitheka ndithu. Koma anthu ambiri akamva "iai" amabvula cisote, nathokoza, nabwerera kwao osafunsa kuti ndi "iai" uti amene wawagwera.

Ndifuna kulankhula nanu, anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu, za "iai" wa dotolo, makamaka pamene wodwala akanizidwa opareshoni yoongola nsagwada cifukwa cakuti bvuto lace ndi lopiringizika. Inu ndinu amene mudzaperekeza makolo ndi abale anu ku cipatala, popeza mudziwa kuwerenga ndi kumva Cingerezi, ndipo banja lonse lidzakhulupirira mau amene mudzabwera nao.

Mphwanga, amene tsopano ali ndi zaka 24 ndipo apala matabwa ku Chifubu mu Ndola, anagwa mu mtengo wa mango kwathu ku Katete ali ndi zaka 7. Anafikira cibwano pansi. Bala la pa cibwano linapola pa masabata awiri, ndipo nkhaniyo inaiwalika. Koma caka ndi caka pakamwa pace panayamba kucepa kutseguka, kufikira mano a pansi ndi a pamwamba anangotsala ndi kampata kakang'ono.

Ikani cala kutsogolo kwa khutu lanu nimutsegule pakamwa, mudzamva mfundo ikuyenda. Pamenepo ndi pamene nsagwada ya pansi ilumikizana ndi cigaza. Mwana akagwera cibwano, mphamvu yonse ithamangira ku mfundo imeneyo, mutu wa pfupa uphwanyika, magazi aundana m'katimo, ndipo pakupola pfupa la nsagwada limerana ndi la cigaza monga mitengo iwiri yokhudzana m'nkhalango. Mafinya a m'khutu osacizidwa athanso kucita comweco. Ndiponso, popeza nsagwada ya mwana ikulira pa mfundo yomweyo, nsagwadayo ipinimbira, cibwano nicibwerera kumbuyo. Munthu wabwinobwino atsegula pakamwa mpaka zala zitatu zilowe coimirira, ndiko kuti mamilimita 40 kapena kuposerapo. Mphwanga salowetsa ngakhale cala cimodzi.

Nsima amaifinya ndi kuikankhira pa kampata kaja. Kukoma kwa cimanga cooca, kwa nzimbe ndi kwa nyama ya pa pfupa sakudziwa. Pa ukwati ndi pa maliro amanamizira kuti wadya kale, kuopa maso a anthu. Usiku aliza mkonono waukulu ndi kubanika, cifukwa lilime lisowa malo m'nsagwada yaing'ono ndipo ligwera kumbuyo kukatseka njira ya mpweya. Mswaci sufika ku mano a m'kati. Conco amene aganiza kuti kuongola nsagwada ndi nkhani ya kukongola kokha sanakhale pa mphasa imodzi ndi munthu wotere.

M'caka ca 2023, titasunga ndalama ndi kudikira miyezi ingapo, mphwanga anaonana ndi dotolo pa cipatala cina ca kuno ku Migodi. Dotoloyo anayang'ana zithunzi za mafupa, nanena m'Cingerezi kuti bvutoli ndi lopiringizika ndipo iye sangalicite opareshoni. Namwino anamasulira m'ciBemba mwacidule, monga acitira anthu otanganidwa. Pamene mauwo anafika kwa amai ku Katete m'ciNyanja, anali atasanduka akuti, "Madotolo alephera." Mphwanga anati kwa ine, "Akulu, tisabvutikenso. Ndi mmene Mulungu anandilembera." Ine ndinamfunsa kuti, "Iwe mphwanga, kodi a dotolo anati sicitheka kuno, kapena anati sicitheka konse?" Iye sanadziwe. Ife a kum'mawa okhala ku Migodi tizolowera kuti mau athu adutse m'zilankhulo zitatu asanafike kwao, ndipo pa ulendo wotero mau ang'onoang'ono monga "kuno" ndi "tsopano" ndiwo ayamba kutayika.

Tisanaweruze dotolo wokana, tiyenera kudziwa ukulu wa nchito imene timpempha. Luso loongola nsagwada silinabadwe dzulo. Mu 1849 Simon Hullihen wa ku Wheeling mu America anadula ndi kubwezera m'malo nsagwada ya mtsikana amene anapsa ndi moto ali mwana, cipsera nicikoka nsagwada yace. Mu 1901 René Le Fort wa ku France anaonetsa mizere imene mafupa a nkhope amathyokera, ndipo madotolo a lero akafuna kusuntha nsagwada ya pamwamba amadula motsata umodzi wa mizereyo. Mu 1957 Richard Trauner ndi Hugo Obwegeser anafalitsa njira yong'amba nsagwada ya pansi m'litali kucokera m'kamwa, kotero kuti itha kupita kutsogolo kapena kumbuyo popanda cipsera pa nkhope. Gavriil Ilizarov wa ku Kurgan mu Russia anapeza kuti pfupa lodulidwa likakokedwa pang'onopang'ono, milimita imodzi pa tsiku, limera latsopano pa mpatapo. Iye anacita izi pa miyendo, ndipo mu 1992 Joseph McCarthy wa ku New York anaonetsa kuti zithekanso pa nsagwada ya ana.

Koma mutu umodzi susenza denga. Opareshoni yotere ifuna dotolo wa mafupa a nkhope, ndi wina woongola mano ndi mawaya, ndi wina wodziwa kugoneka munthu amene pakamwa pace sipatseguka. Ameneyu ndiye agwira moyo m'manja, pakuti wodwala akagona ndi mankhwala ayenera kulowetsedwa kapaipi kopumira m'kholingo, ndipo pakamwa pakakhala potseka pafunika cipangizo ca kamera yopyapyala yolowera m'mphuno, kapena kuboola pa khosi. Pafunikanso makina a CT oonetsa pfupa mbali zonse, timbale ndi timisomali ta citsulo ca titanium, magazi osungiratu, ndi bedi m'cipinda ca odwala mwakayakaya. Cimodzi ca izi cikasowa, dotolo woona mtima ayenera kukana. Tikumbukirenso kuti maphunziro a digiri ya udotolo wa mano anayamba m'dziko muno mu 2011 pamene Copperbelt University inatsegula sukulu yace ya udotolo ku Ndola, ndipo akatswiri a mafupa a nkhope ndi ocepabe. Ine ndiopa koposa dotolo amene abvomera msanga asanaone zithunzi.

Tsono cinthu coyamba kucita munthu akakanizidwa ndico kubwerera mwaulemu kwa dotolo yemweyo ndi kupempha kuti alembe pa pepala zinthu zinai: dzina la bvutolo, cifukwa cimene wakanira, cimene ciyenera kusintha kuti yankho lisinthe, ndi munthu kapena cipatala cimene cingathe. Pemphaninso zithunzi za mafupa ndi zotsatira za magazi, muzisunge m'envulopu imodzi kutali ndi cinyezi. Ndinena izi monga kalaliki: mau a pakamwa afa pa khomo la ofesi, koma pepala lokhala ndi cidindo liyenda lokha, ndipo dotolo waciwiri sayambanso kufufuza kucokera pa ciyambi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pepalalo likadzakhala m'manja mwanu mudzaona kuti "iai" uja ndi mmodzi wa anai.

Woyamba ndi wakuti "osati tsopano." Nsagwada yotsogola kapena yobwerera kumbuyo saiongola mafupa asanathe kukula, ndiko kuti pafupi zaka 17 kwa atsikana ndi 18 mpaka 21 kwa anyamata, cifukwa ikaongoledwa msanga ikula nipotokanso. Mano oola, nkhama zotupa, matenda a shuga osagonjetsedwa, kucepa kwa magazi, cifuwa cacikulu ndi kusuta fodya, zonsezi ziletsa pfupa kupola bwino, ndipo zambiri mwa izo zitha kukonzedwa pa kiliniki ya kwanu. Kawirikawiri mano ayenera kukhala m'mawaya caka cimodzi kapena caka ndi theka opareshoni isanacitike, kuti adzalumane bwino mafupa akasunthidwa. Koma ndicenjeze apa: kudikira kumeneku sikuli kwa onse. Mwana amene nsagwada yace yayamba kuuma atagwa aonetsedwe msanga, pakuti caka ciri conse cocedwa cionjezera kupinimbira. Comweconso cotupa ca m'nsagwada cimene cikukula, kapena cironda ca m'kamwa cimene cikudya tsaya la mwana, sizidikira. Denis Burkitt analongosola mu 1958 ku Uganda khansa ya m'nsagwada za ana imene ikula pa masabata ocepa koma imamva mankhwala ikapezeka msanga, ndipo cironda cija, cimene madotolo acicha noma, bungwe la World Health Organization linaciika mu December 2023 pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a maiko otentha. Pa izi ziwiri thamangani.

Waciwiri ndi wakuti "osati kuno." Zipatala za Boma ziri ngati makwerero: kiliniki itumiza ku cipatala ca m'boma, ico citumiza ku zipatala zazikulu monga Kitwe Teaching Hospital ndi Ndola Teaching Hospital, ndipo izo zitumiza ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 300 kucokera ku Ndola. Ana ali ndi cipatala cao ca Arthur Davison mu Ndola momwemo, ndiponso ca Beit CURE ku Lusaka cimene cinatsegulidwa mu 2006. Kukwera makwererowa kufuna kalata yotumizira. Wopita ku Lusaka manja ali zi angoononga ndalama za basi. Dziko lathu lidziwanso mwambo wa akatswiri oyendera zipatala. Mu 1982 dotolo wa mafupa John Jellis anayamba kuuluka pa kandege kunka ku zipatala za kumidzi, nchito imene inachuka ndi dzina la FlySpec, ndipo magulu a madotolo a kunja amafika nthawi ndi nthawi kudzacita maopareshoni a nkhope. Funsani ngati pali buku lolembamo odikira alendo otere, lembetsani dzina, nimusiye nambala ya foni imene sidzasintha. Kupempha maganizo a dotolo waciwiri si mwano; madotolo okhaokha amafunsana.

Ena ayang'ana kunja kwa dziko. Ku Dar es Salaam, ku Nairobi, ku Johannesburg ndi ku India kuli zipatala zophunzitsa luso la mafupa a nkhope, ndipo Boma limatumiza odwala ena kunja madotolo akulu akatsimikiza kuti cithandizo cao sicipezeka muno. Amene afuna kudzilipirira yekha awerenge mtengo wonse asanagulitse ng'ombe za banja: ulendo wa anthu awiri, pogona masabata angapo, ndi ulendo wobwereza. Koposa zonse afunse kuti adzamsamala ndani akabwerako. Opareshoni itha tsiku limodzi, koma cisamaliro cace citenga caka kapena ziwiri. Womasulidwa mfundo youma ayenera kulimbitsa nsagwada tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, kulowetsa timatabwa topyapyala pakati pa mano ndi kuonjezera kamodzi pa masiku angapo, ngakhale kuwawa. Akaleka, pfupa limerananso ndipo ndalama zonse zapita m'madzi.

Pa nkhani ya ndalama, lamulo la 2018 linakhazikitsa inshuwalansi ya umoyo ya dziko lonse, imene tiidziwa ndi dzina la NHIMA. Ife a pa nchito tidulidwa gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro, wotilemba nchito naikanso limodzi, ndipo wodzigwirira nchito yace atha kulembetsa yekha. Pitani ku ofesi yao ndi pepala la dotolo mukafunse cimene alipira ndi cimene salipira. Apa ndi pamene mau a m'kalata ali ndi mphamvu. M'maiko ambiri inshuwalansi siilipira opareshoni yokongoletsa nkhope; conco ngati wodwala alephera kutafuna, kapena abanika m'tulo, kapena waonda cifukwa ca kusadya, pemphani dotolo kuti alembe zimenezo poyera, popeza ndizo zoona zace. Kalaliki wowerenga kalatayo sadzaona wodwala. Adzaona mau okha.

Wacitatu ndi wakuti "osati zonse." Nthawi zambiri cimene dotolo wakana ndi opareshoni yaikulu yokonza zonse pamodzi, koma nchito yocepa itheka. Mfundo youma itha kumasulidwa yokha, pocotsa pfupa lomerana ndi kuika mnofu pa mpatapo, ndipo kwa ana nthawi zina aikapo kacidutswa ka nthiti. Cibwano nicisiyidwa mmene ciriri. Ngati kupotoka kuli kocepa, mawaya okha atha kusuntha mano kuti alumane, ngakhale pfupa likhale losasintha. Cibwano cokha citha kusunthidwa kutsogolo osakhudza mano. Wobanika m'tulo atha kugona ndi makina opopera mpweya m'mphuno. Wocoka mano atha kupangiridwa ena oikirira. Pano wodwala ayenera kukhala pansi ndi kudzifunsa kuti mwa zinai izi, kudya, kupuma, kulankhula ndi maonekedwe, cimene afuna koposa n'citi. Funso limeneli ayankhe mwini wace, ife acibale tikhale cete, cifukwa kawirikawiri ife tibvutika ndi cimene maso athu aona pamene iye abvutika ndi cimene acimva m'thupi.

Wacinai ndiye "iai" weniweni, pamene madotolo awiri kapena atatu apima napeza kuti coopsa ciposa phindu. Opareshoni ya nsagwada iri ndi mtengo wace ngakhale m'manja mwa katswiri. M'kati mwa nsagwada ya pansi mudutsa mtsempha umene upatsa mlomo kumva, ndipo ukabvulala mlomo ucita dzanzi miyezi yambiri, kwa ena moyo wonse. Magazi atha kutayika ambiri, pfupa litha kubwerera pamene linali, ndipo wa mtima wofooka atha kusadzuka ku mankhwala ogonetsa. Walira mvula walira matope. Munthu akafika apa sanatayidwe, pakuti patsala nchito yosunga cimene ali naco. Mano atsukidwe ndi kamswaci ka ana ndi mankhwala a mano, m'kamwa mucukucidwe ndi madzi a mcere, ndipo dotolo wa mano awaone kawirikawiri, cifukwa dzino loola m'kamwa mosatseguka ndi cinthu coopsa. Cakudya cikhale cofewa koma ca mphamvu: phala la nsinjiro, kapenta wosinja, mazira, nyemba zophwanya, cibwabwa cotendera, mkaka ndi mapeyala. Ndipo abale aleke kumbisa. Adye naye pa mphasa imodzi kufikira alendo azolowere.

Pa nthawi imeneyi ya kukhumudwa ndi pamene akuba afika. Pa mitengo ya magetsi ya ku Chimwemwe ndi ku Masala, ndiponso pa Facebook, simusowa zolengeza za anthu ociza ciri conse. Mphini ndi mafuta opaka sizisungunula pfupa lomerana, ndipo kukanula pakamwa ndi supuni kapena mtengo kungothyola mano. Ali yense wofuna kukhudza nkhope yanu ndi mpeni akhale wolembedwa m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, ndipo muli ndi ufulu wa kumfunsa kuti opareshoni yotere waicita kangati ndi kuti odwala ace ali bwanji lero. Cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Kunena za mphwanga, pepala lace litalembedwa tinapeza kuti "iai" wace anali wa mitundu iwiri yoyamba. Pa cipatalapo panalibe cipangizo cogonekera munthu wotseka pakamwa, panafunika zithunzi za CT, ndipo magazi ace anali ocepa cifukwa ca kudya mopereweza. Zithunzizo anajambulitsa mu 2024, magazi anakwera ndi mankhwala ndi cakudya, ndipo kalata yomtumiza ku Lusaka iri m'envulopu yace. Iye mwini wasankha kuti ayambe ndi kumasula mfundo, za cibwano adzaziganiza pambuyo. Alikudikirabe, ndipo kudikira kuwawa. Masiku ena salankhula ndi munthu. Koma tsopano adziwa cimene alikudikira, ndi khomo limene adzagogoda likatsekeka ili. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena a inu mudzakhala anamwino, ena aphunzitsi, ena akalaliki monga ine, ndipo ndikhulupirira kuti mmodzi kapena awiri adzalowa sukulu ya udotolo wa mano ku Ndola napitirira kuphunzira mafupa a nkhope, pakuti dziko liwasowa. Mphunzitsi akaona mwana amene pakamwa pace pakucepa kutseguka, afunse makolo ngati anagwapo, nawatumize ku cipatala caka comweco. Namwino womasulira asataye mau akuti "kuno" ndi "tsopano." Ndipo ali yense wa inu amene adzakhala kuseri kwa tebulo, tsiku limene adzayenera kukana munthu, atenge colembera nalembe cifukwa cace, ndi dzina la khomo lotsatira, asanaitane wina wa pa mzere.